Mabanki aakulu ayamba kusankha anchito ana akali pa yunivesiti

Pamene boma la Zambia linakongola madola 750 miliyoni pa msika wa kunja mu September 2012, nchito yofuna anthu ogula nkhongoleyo inapatsidwa kwa mabanki awiri, Barclays ndi Deutsche Bank. Kubweza kutayamba kubvuta, mu 2020 boma linalemba kampani ya Lazard kuti ilipatse uphungu pokambirana ndi eni ndalama. Nchito yotere ichedwa investment banking, ndipo isiyana ndi ya pa kaunta pomwe anthu aikiza ndi kutapa ndalama. Oigwira athandiza maboma ndi makampani kupeza ndalama zambiri panthawi imodzi, kugulitsa masheya kwa anthu, ndiponso kulangiza kampani yofuna kugula inzake.

Cikopa acinyamata ambiri ndi malipiro. Mu 2021 banki ya Goldman Sachs ku New York inakweza malipiro a anchito a caka coyamba kufika pa madola 110,000 pa caka. M'caka comweco anchito 13 atsopano a bankiyo anadandaula kuti anali kugwira nchito maola oposa 90 pa sabata, zomwe makolo ambiri sazimva.

Mwana amene watsiriza Giredi 12 ndipo afuna nchitoyi ayenera kudziwa kuti mabankiwa sayembekeza tsiku lolandira digiri. Ku Britain ophunzira a caka coyamba aitanidwa kukakhala masiku ocepa ku banki pa nthawi yochedwa spring week. Amene acita bwino apatsidwa malo a internship ya masabata pafupifupi 10 kutatsala caka cimodzi kuti atsirize sukulu, ndipo anchito ambiri atsopano acokera m'gulu limeneli. Ku America mafunso a internship yotere acitika wophunzira akali m'caka caciwiri mwa zaka zinai. Motero wophunzira amene ayamba kufunsira nchito atabvala kale mkanjo apeza malo ambiri atatengedwa.

Ici ndiye cifukwa cake sukulu imene mwana asankha ili ndi mphamvu. Mabanki ali ndi masukulu ocepa amene apitako caka ndi caka kukakumana ndi ophunzira, ndipo amene anaphunzira kumeneko kale ndi amene awerenga makalata ofunsira nchito. Ku America masukulu a zamalonda odziwika pa nkhaniyi ndi monga Wharton ya pa University of Pennsylvania, yomwe inakhazikitsidwa mu 1881, Stern ya pa New York University, ndi Ross ya pa University of Michigan. Ku Britain achulidwa kawirikawiri London School of Economics, Oxford, Cambridge, Imperial College, University College London ndi Warwick.

Komabe liu lakuti "business" pa digiri si limene litsegula khomo. Yunivesiti ya Harvard ilibe digiri yoyamba ya zamalonda, ndipo Princeton ilibe ngakhale sukulu ya zamalonda, koma mabanki atenga ophunzira ambiri kumeneko amene anacita za cuma, masamu kapena mbiri yakale. Mai Dambisa Moyo, wobadwira mu Lusaka, amene anagwira nchito ku Goldman Sachs kuyambira 2001 mpaka 2008, digiri yao yoyamba inali ya chemistry. Za cuma anadzaziphunzira pambuyo pake, mpaka digiri ya udokotala ku Oxford. Sukulu ya zamalonda ithandiza cifukwa iphunzitsa msanga kuwerenga mabuku a ndalama a kampani ndi kuyesa mtengo wake, zomwe zifunsidwa pa mafunso a nchito. Koma sukulu yokhala ndi dzina lokoma la zamalonda, imene mabanki sapondako phazi, ingadye ndalama za banja popanda kumufikitsa mwana komwe afuna.

Kwa banja la mu Zambia, mtengo ndi wolemera. M'mayunivesiti apamwamba a ku America osakhala a boma, maphunziro, malo ogona ndi cakudya zipitirira madola 80,000 pa caka. Ku London School of Economics wophunzira wa kunja alipira mapaundi oposa 25,000 pa caka, osawerengera nyumba mu mzinda wa London. Pali kusiyana kwina komwe ambiri sakudziwa. Harvard, Yale ndi Princeton asankha ophunzira a kunja osayang'ana thumba la makolo, ndipo athandiza wosankhidwayo molingana ndi kusowa kwake. University of Pennsylvania, kumene kuli Wharton, iganizirako ngati wopempha malo wocokera ku Africa afuna thandizo la ndalama. Conco mwana wanzeru wa m'banja losauka angakhale ndi mwai wokulirapo pa sukulu yopanda digiri ya zamalonda kuposa pa sukulu yochuka ya zamalonda. Ku Britain nako, mayunivesiti apamwamba salandira satifiketi ya Giredi 12 payokha; afuna A-level kapena International Baccalaureate.

Cina cimene cigwetsa ambiri ndi cilolezo. Mu December 2025 boma la America linaika Zambia pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zinaletsedwa kupatsidwa mitundu ina ya maviza kuyambira pa 1 January 2026, kuphatikizapo maviza a ophunzira. Banja liyenera kufunsa ku ofesi ya kazembe wa America za momwe lamuloli liriri lisanalipire ngakhale ngwee imodzi ku sukulu ya kumeneko. Ndipo amene ali kale m'dzikolo aloledwa kugwira nchito miyezi 12 cabe akatsiriza, kapena miyezi 36 ngati digiri yao ili m'gulu la sayansi ndi masamu. Pambuyo pake afunika viza ya H-1B, yomwe makampani apatsidwa 85,000 cabe pa caka pamene opempha acuruka kuposa pamenepo. Ku Britain viza ya otsiriza maphunziro, yomwe inayamba mu 2021 ndi zaka ziwiri, boma linalengeza kuti ifupikitsidwa kufika pa miyezi 18 kwa opempha kuyambira January 2027.

Njira ya pafupi ndi South Africa, ndipo siyenera kupeputsidwa. Nchito zambiri za mtunduwu za kum'mwera kwa Africa zikonzedwera ku Johannesburg, kumene kuli Standard Bank, mwini wa Stanbic, komanso Absa, Rand Merchant Bank ndi Investec. Mabankiwa atenga anchito ambiri ku University of Cape Town, yomwe ili ndi digiri ya zaka zinai ya Business Science, ndi ku Wits ndi Stellenbosch. Pansi pa pangano la zamaphunziro la SADC la mu 1997, wophunzira wa ku Zambia alipira malipiro a maphunziro ofanana ndi a nzika za kumeneko, ngakhale pamakhala tindalama tina toonjezera ta ophunzira a kunja. Cilolezo ca nchito kumeneko nako sicibwera cokha ndi digiri.

Muno m'dziko, Copperbelt University ku Kitwe ili ndi sukulu ya zamalonda, University of Zambia iphunzitsa za cuma, ndipo ZCAS mu Lusaka idziwika pa zowerengera ndalama. Malo a investment banking ndi ocepa, pakuti msika wa masheya wa Lusaka, umene unayamba malonda mu 1994, uli ndi makampani osakwana 30. Wophunzira muno angayambire ku kampani yofufuza mabuku a ndalama kapena ku nthambi ya banki yoona za makampani aakulu, nalemba mayeso a ACCA kapena magawo atatu a CFA, kenaka nkukacita digiri yaciwiri kunja, pomwe mabanki a ku London ndi New York atenganso anchito kaciwiri.

Sukulu iriyonse, ya muno kapena ya kunja, ili ndi ofesi yothandiza ophunzira kupeza nchito, ndipo kholo lingailembere kalata lisanalipire. Mafunso ake ndi awa: ndi mabanki ati anabwera pa sukulupo caka catha, ndi ophunzira angati anapeza internship, ndipo mwa iwo ndi angati anali ndi pasipoti ya kunja.