Chithunzi chimodzi patsiku: zimene windo la minibasi landiphunzitsa

Atate anga atamwalira, tinasakasaka nyumba yonse kufuna chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Tinapeza chimodzi chabe, chija cha pa reji, chojambulidwa akali mnyamata. Zaka zonse zimene anakwera basi m'mamawa kupita kunchito, palibe amene anawajambula. Ine ndinali ndi foni ya kamera m'thumba, yodzala ndi nkhope yanga.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: chithunzi chimodzi patsiku, ndipo nkhope yanga isalowemo. Ndimakwera minibasi ku Chelstone kupita mu tauni. Pa Great East Road, makamaka kuyandikira Manda Hill, jamu imatigwira, ndipo ambiri timangoweramira mafoni. Manje ine ndimayang'ana panja. Mayi wagwada akupanga mulu wa tomato, akuika wabwino pamwamba. Mnyamata wa wilibala wapuma pamthunzi wa jakaranda, mitengo imene imachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala. Kondakitala akuwerenga ndalama ndi dzanja limodzi, lina lagwira chitseko. Zonsezi zinalipo kale pamsewu uno, kungoti sindinali kuziona.

Liu lakuti photography linachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ndi kuwala. Kuti ujambule bwino uyenera kudikira kuwalako. Dzuwa la 06:30 limafewetsa nkhope za anthu, koma la masana limawala kwambiri mpaka maso amabisika mumthunzi. Kudikirako kumakhazika mtima pansi. Kwa mphindi zochepa umaiwala za renti ndi za abwana, n'kuona munthu amene ali patsogolo pako.

Ena anazindikira zimenezi kalekale. Thomas Merton, wansembe wa Katolika amene anakhala ku nyumba ya amonke ya Gethsemani ku Kentucky, America, anayamba kujambula m'zaka zake zomaliza asanamwalire mu 1968. Zambiri zimene anajambula zinali zinthu wamba: mizu ya mitengo, makoma, mawindo, zipangizo zapafamu. Munthu amene moyo wake wonse unali wa pemphero anaona kuti kuyang'anitsitsa chinthu chaching'ono n'kofanana ndi kusinkhasinkha. Simufunika kukhala wa mpingo wake kuti mumvetse. Aliyense amene anayang'anapo manja a agogo ake akusenda nshawa adziwa kuti pamabwera kuyamikira kumene sunakonzekere.

Koma foni yomweyo imavulaza. Pakachitika ngozi pamsewu, anthu amatsika basi kuthamangira kujambula, ndipo achibale amaona mtembo wa mwana wawo pa WhatsApp asanauzidwe ndi munthu. Amene wajambula sanamuone munthu wagona pansiyo, waona chabe chinthu chotumiza. Ndiye chifukwa chake ndimapempha kaye. Ndikatsika pa Kulima Tower n'kufuna kujambula mayi wogulitsa vitumbuwa, ndimawapatsa moni, ndigula, kenaka ndifunsa. Ena amakana, ndipo ndimabweza foni m'thumba. Ena amakonza chitenge, aimirira bwino, n'kupempha kuti aone. Kumwetulira kwawo pamene akudziona pa sikirini kumaposa chithunzicho.

Ngati mufuna kuyesa, simufunika kamera yodula. Pukutani galasi la foni ndi nsonga ya malaya. Osatulutsa dzanja pawindo, makamaka pa siteshoni, chifukwa a manja aatali sagona. Jambulani chimodzi, osati makumi awiri. Madzulo, musanatumize kulikonse, chiyang'aneni n'kudzifunsa chimene chinakukokani. Nthawi zambiri yankho limanena za inu mwini. Ine ndinapeza kuti mwezi wathunthu ndinali kujambula amuna achikulire onyamula zikwama za kunchito. Ndinali kufuna atate.

Sabata yatha ndinapita kwa amai ku komboni. Anali pa mbaula akuvundula nsima, utsi uli m'maso. Anakana, ati sanasambe, ndidikire avale za kuchalichi. Ndinawanyengerera mpaka analola. Chithunzicho ndachichapitsa ku situdiyo, chifukwa foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Chili m'Baibo yawo, pamodzi ndi reji ya atate.