Kudikira Mapulateleti Wodwala Khansa Akaikidwa Maselo Atsopano

Mabanja ambiri amene wodwala wawo watumizidwa ku India kapena ku South Africa kukaikidwa maselo atsopano opanga magazi amayesa kuti ntchito yatha pa tsiku limene maselowo alowa m'thupi, pomwe madokotala amalitcha tsiku la 0 chifukwa kuwerenga kumayambira pamenepo. Mankhwala amphamvu amene amaperekedwa poyamba amawononga khansa pamodzi ndi mafuta a m'mafupa, kotero kuti kwa masabata angapo thupi silitha kupanga mapulateleti okwanira, tizidutswa ta m'magazi timene timachititsa kuti magazi aundane pabala. Munthu wathanzi amakhala ndi mapulateleti 150,000 mpaka 450,000 m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi kotchedwa microlitre, ndipo papepala la ku labotale zimalembedwa mwachidule kuti 150 mpaka 450.

Magazi amayezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chiwerengero chikatsika pansi pa 10, kapena wodwala akayamba kutaya magazi, amamuthira mapulateleti a munthu wina. Apa ndi pamene zinthu zimaima, ndiponso pamene achibale amasokonezeka kwambiri. Madokotala amavomereza kuti maselo atsopano ayamba kupanga mapulateleti pokhapokha chiwerengero chikafika 20 pa kuyeza katatu motsatizana, wodwala atakhala masiku 7 osathiridwa mapulateleti, ndipo akathiridwa ngakhale thumba limodzi, masikuwo amayambanso kuwerengedwa. Gadiyani amene waona 35 papepala m'mawa wotsatira kuthiridwa amayamba kufunsa za tikiti ya ndege, osadziwa kuti mapulateletiwo ndi obwereka ndipo atha m'masiku ochepa. N'zodandaulitsa kuti lamulo losavuta chotere kawirikawiri silifotokozedwa, popeza dokotala woyendera odwala mwachangu amangoti zikuyenda bwino n'kupitirira.

Maselo oyera olimbana ndi matenda amayamba kubwerera pakatha masabata awiri kapena atatu, koma mapulateleti amatsalira m'mbuyo, ndipo ngati maselo anachokera m'magazi a mchombo wa khanda, kudikira kumapitirira mwezi. Tsiku lililonse lowonjezera limatanthauza lendi ya chipinda pafupi ndi chipatala, chakudya cha gadiyani, ndalama zoyezetsera ndiponso nthawi zina kuwonjezera masiku a viza, zinthu zimene kalata yoyamba yonena za mtengo siizitchula mokwanira.

Chiwerengero chikakana kukwera, kapena chikakwera n'kutsikanso, pamakhala zifukwa zoyenera kufufuzidwa: kachilombo ka CMV, mankhwala ake monga ganciclovir, maselo a wopereka kuyamba kulimbana ndi thupi la wolandira, kapena khansa kubwereranso. Ena amapatsidwa eltrombopag, mankhwala olimbikitsa mafuta a m'mafupa kupanga mapulateleti.

Vuto lalikulu limadza wodwala akabwerera kumudzi. Mapulateleti sasungidwa mufiriji ngati magazi ofiira. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa mosalekeza, kwa masiku pafupifupi 5 okha, choncho ngakhale bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limawakonza, chipatala chaching'ono sichingakhale nawo okonzeratu usiku umene afunika. Wodwala akaona timadontho tofiira m'miyendo, magazi m'nkhama potsuka mano, kamfuno wosaleka, chimbudzi chakuda kapena mutu wopweteka modzidzimutsa, ayenera kuyezedwa tsiku lomwelo, ndipo asamwe aspirin, ibuprofen kapena diclofenac, mankhwala amene amafooketsa mapulateleti ochepa otsalawo.

Dokotala wolandira wodwala kuno sangatanthauzire nambala imodzi popanda mbiri yake. N'chifukwa chake banja siliyenera kuchoka pachipatala chakunja lisanalandire molembedwa tsiku la 0, tsiku lomaliza kuthiridwa mapulateleti, zotsatira za masabata omaliza, chiwerengero chimene wodwala ayenera kuthiridwiranso, ndi dzina la dokotala woyenera kuimbiridwa foni. Wodwala ali ndi ufulu wolandira mapepala amenewa, ndipo awapemphe molimba mtima asanagule tikiti yobwerera.