Lendi ya nyumba yamasiye: ndani ayenera kulipira anzake?

Makolo akamwalira n'kusiyira ana angapo nyumba imodzi, kugawana sikuchitika tsiku limodzi. Pamapita miyezi, mwina zaka, banja likudikira zikalata za kukhoti kapena wogula. M'nyengo yodikirayi ndi momwe mkangano wa lendi umabuka: wina akukhala m'nyumbamo, pomwe abale ake akulipira lendi kwina.

Mfundo yoyamba ndi yakuti nyumba isanagawidwe, aliyense mwa eni ake ali ndi ufulu wokhalamo. Choncho mlongo amene watsala pakhomo, osaletsa anzake kulowa, kawirikawiri sakhala ndi ngongole ya lendi. Zinthu zimasintha akawatsekera kunja, kaya posintha maloko kapena powaopseza. Zikatero khoti likhoza kulamula kuti awalipire molingana ndi magawo awo.

Nyumba ikakhala ndi alendi, nkhaniyo ndi ina. Ndalamazo si za wotolera yekha. Tiyerekeze kuti nyumba ikubweretsa K200,000 pamwezi, ndipo eni ake ndi ana anayi a magawo ofanana. Aliyense ayenera kuwerengeredwa K50,000. Koma amayamba achotsapo zolowa pa nyumbayo, monga msonkho wa kukhonsolo ndi kukonzetsa denga lodontha. Amene anatulutsa ndalama za m'thumba mwake pa zimenezi ali ndi chifukwa chopempha kuti zibwezedwe pogawana, malinga asunge malisiti.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana ngati malemu sanasiye wilo. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Motero achibale a malemu asaumirize mayi wamasiye ndi ana ake kulipira lendi ngati njira yowathamangitsira. Mphamvu yotolera lendi ili ndi munthu amene wapatsidwa zikalata zoyendetsera chumacho, ndipo iyeyo ayenera kufotokoza momwe ndalamazo zayendera.

Ndi bwino kuti mabanja azikhala pansi maliro akangotha, n'kulemba pangano: akhalemo ndani, atolere lendi ndani, ndipo ndalama zizisungidwa kuti. Aliyense asainire pamaso pa mboni. Zikavuta, fikani ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kwa Administrator General, kapena ku Legal Aid Bureau ngati simungakwanitse kulipira loya. Nyumba imagulitsidwa n'kutha, koma chibale ndi fupa, sichiola.