Kalavani isasanduke uvuni: dzuwa tiliimitsire panja

Tikauza anthu kumudzi kuti ku England nako kumatentha, amaseka. Komatu pa 19 Julaye 2022, ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire kunatentha kufika madigiri 40.3, zomwe zinali zisanachitikepo m'dziko muno. Lincolnshire ndi komwe ambiri a ife ochokera ku Braunstone ndi madera ena a Leicester timakagwira ntchito ya kabichi, mbatata ya kachewere ndi maluwa, cha ku Boston ndi Spalding. Ndipo ambiri timagona m'makalavani oimikidwa pafamu.

Kalavani ili ngati nyumba yamalata yopanda siling'i. Zipupa zake n'zopyapyala, denga lili pafupi ndi mutu, ndipo nthawi zambiri imaimikidwa pamtetete popanda ndi mtengo womwe. Kuno m'mwezi wa Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 9 koloko usiku itadutsa. Ndiye munthu wafika kuchokera kumunda wathodwa, mkatimo ngati ku Nsanje mwezi wa Okutobala.

Nkhani yaikulu ndi iyi: kutentha kukalowa, kukutulutsa n'kovuta. Tikutsekereze kusanalowe. Katani ya mkati imathandiza pang'ono, koma dzuwa limakhala ladutsa kale pagalasi. Chotchinga chizikhala kunja kwa zenera. Ena amagula zonyezimira zija zoika pagalasi la galimoto, ena amamata pepala lasiliva lophikira pakatoni n'kuimika panja. Ngakhale nsalu yoyera yomangidwa motalikirako pang'ono ndi zenera imagwira ntchito. Musaiwale kazenera kapadenga, poti n'komwe dzuwa la masana limalowera mwachindunji. Ndipo dziwani mbali yake: kuno masana dzuwa limakhala chakummwera, madzulo chakumadzulo. Mazenera oyang'ana mbali ziwirizi ndiwo oyamba kutchinga m'mawa tisanakwere basi ya kumunda.

Ife tinazolowera kutsekula mazenera kukatentha. Kuno pamasiku otentha kwambiri tizichita mosiyana: masana, mpweya wa panja ukakhala wotentha kuposa wa mkati, titseke. Dzuwa likapendeka, titsekule mbali zonse ziwiri kuti mphepo idutse, n'kuika fani pazenera limodzi moyang'ana kunja kuti izikankha mpweya wotentha. Botolo la madzi oundana patsogolo pa fani limapepulako usiku. Koma a zaumoyo amachenjeza kuti mkati mukapitirira madigiri 35, fani imangokupemererani moto.

Pali zinthu zimene sitiyenera kutseka, zivute zitani. Timabowo ta mpweya tapansi ndi tam'mbali tinaikidwa chifukwa cha gasi. Tikatitseka ndi katoni kapena nsanza, utsi wosaoneka komanso wosanunkha uja wa carbon monoxide ungatiphe tili mtulo. Mbaula yamakala isalowe mkati, ngakhale moto utazilala. Nsima ndi nyemba tiphike m'mamawa kapena dzuwa litalowa, chifukwa mphika wa nyemba wa maola awiri ndi chitofu chotenthetsera nyumba yonse.

Amayi anzathu a ana aang'ono, apa tiime kaye. Mwana wakhanda amagona bwino m'chipinda cha madigiri 16 mpaka 20, ndipo kalavani ya masana imapitirira apo kutalitali. Musafunditse chitenje pamwamba pa kangolo ka mwana poganiza kuti ndi mthunzi, chifukwa chimatsekera kutentha mkati. Amene wagwira ntchito usiku kupakihausi n'kumagona masana nayenso ali pangozi yomweyo, ndiye oyandikana naye azimugogodera. Amene muli ndi abale ku Braunstone, tsiku lotentha kwambiri ndi bwino ana akaswere kunyumba ya njerwa, kapena pansi pa mitengo ya ku Braunstone Park, kusiyana n'kukhala m'chitini.

Munthu akayamba chizungulire, mutu, nseru ndi thukuta lambiri, mumuike pamthunzi, mumuvule zokhuthala, mumumwetse madzi, mumupukute ndi nsalu yonyowa. Pakatha mphindi 30 asakupeza bwino, imbani 999. Akayamba kusokonezeka, kukomoka, kapena khungu latentha koma thukuta osatuluka, imbani 999 pompo. Kuimbako n'kwaulere.

Tsono si zonse zili pamutu pathu. Kalavaniyo timalipira. Mu Epulo 2025 lamulo linati ndalama ya malo ogona imene bwana angawerengere pamalipiro otsikitsitsa inali £10.66 patsiku, ndipo imasintha chaka ndi chaka. Ndalama yotere, anthu anayi kapena asanu m'kalavani imodzi, ifikadi poti zenera likane kutsekuka, furiji ife, fani palibe? Zoona, dziko lino lilibe lamulo lotchula madigiri amene ntchito iyenera kuimira, ndipo mabungwe a anthu ogwira ntchito monga Unite akhala akulimbana nazo. Koma malo ogona owononga thanzi ndi nkhani ya ofesi ya zaumoyo kukhonsolo ya dera limene famuyo ili.

Ndiye tisadikire chenjezo la Met Office. Mwezi wa Meyi usanathe, anthu a kalavani iliyonse ayese mazenera onse, alamu ya utsi ndi ya gasi, alembe zowonongeka, ajambule pafoni. Kalatayo ipite kwa manijala titasaina tonse, ndipo kope lina titsale nalo. Mugulenso kachipangizo koyezera kutentha, n'kotchipa, n'kumajambula nambala yake madzulo aliwonse pamodzi ndi tsiku.