Kusinkhasinkha ndi kudzichitira chifundo: njira zothandiza ovutika ndi matenda okhumudwa ku Nkope

Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, umoyo wa mabanja ambiri wagona pa nsomba. Usipa ukasowa, pakhomo pamasowa ndiwo, sopo ngakhalenso ndalama yolipirira ana sukulu. Chambo chimene chinatchukitsa dera limeneli chinachepa kwambiri, abambo ambiri anapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo mu 2024 madzi a nyanja anakwera n'kumiza nyumba ndi minda m'madera ena a bomali. Mavuto oterewa amaoneka ndi maso. Chimene sichioneka ndi katundu amene amatsalira mumtima, amene anthu amangomutcha "maganizo" koma madokotala amati ndi matenda okhumudwa, pa Chingerezi depression.

Kukhumudwa wamba ndi matenda n'zosiyana

Munthu aliyense amakhumudwa akaferedwa, akaluza katundu kapena banja likagwedezeka, ndipo chisoni chotere chimaphwa pakapita nthawi. Matenda okhumudwa amasiyana ndi zimenezi. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, munthu amaganiziridwa kuti akudwala ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo wakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lonse, kapena sakukondweranso ndi zinthu zimene ankazikonda. Tulo timavuta, chilakolako cha chakudya chimasintha, thupi limalefuka, mutu sugwira, ndipo munthu amadziona ngati wachabechabe. Ena amafika poganiza zodzipha. Mu 2023 bungweli linati anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lapansi anali ndi vutoli, ndipo amayi ndiwo amachuluka.

Mangochi sinasiyidwe. Kafukufuku amene anatsogolera Dr Robert Stewart pakati pa amayi oyembekezera pa sikelo ya pachipatala chachikulu cha bomali anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse anali ndi matenda okhumudwa aakulu. Chovuta n'chakuti odwala ambiri akafika kuchipatala satchula za chisoni. Amadandaula mutu, kuphwanya kwa thupi kapena mtima kuthamanga, nabwerera kwawo ndi panado, gwero la vuto lisanakhudzidwe.

Maganizo ozungulira pamodzimodzi

Akatswiri a za maganizo anapeza kuti chimodzi mwa zinthu zimene zimakulitsa matendawa ndi kubwerezabwereza maganizo opweteka omwewo. Msodzi amene ukonde wake wang'ambika asanamalize kubweza ngongole amagona akudzifunsa kuti analakwa chiyani, n'chifukwa chiyani zinthu sizimuyendera, ndipo anthu akumuona bwanji. Mafunso amenewa alibe yankho, koma amabwera usiku uliwonse, ndipo akamabwerabwera munthu amayamba kuwakhulupirira ngati choonadi. Ku Zimbabwe vutoli amalitcha kufungisisa m'Chishona, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso.

Apa ndi pamene kusinkhasinkha motsogoleredwa kumathandiza. Cholinga chake si kufafaniza maganizo, pakuti palibe amene angathe kutero. Munthu amaphunzira kuzindikira ganizo likangobwera, kulitchula kuti ndi ganizo chabe, kenaka n'kubweza mtima wake pa chinthu chimene chilipo panthawiyo, monga mpweya umene akupuma. Akuti "motsogoleredwa" chifukwa pamakhala mawu a munthu wina, kaya ali pomwepo kaya ojambulidwa pa foni kapena wailesi, amene amauza wophunzirayo chochita pang'onopang'ono. Kwa munthu wolefuka, mawu amenewa ndi ofunika chifukwa payekha sachedwa kubwerera m'dzenje la maganizo.

Njirayi inalowa m'zipatala mu 1979 pamene Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala pa yunivesite ya Massachusetts ku America. Pambuyo pake Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anaikonza kukhala maphunziro a masabata 8 othandiza anthu amene matenda okhumudwa amawabwererabwerera. Kafukufuku wa ku Britain amene anasindikizidwa mu magazini ya za chipatala ya The Lancet mu 2015 anatsatira odwala kwa zaka ziwiri. Mwa amene anaphunzira kusinkhasinkha, 44 pa 100 alionse anadwalanso, pamene mwa amene anapitiriza kumwa mankhwala anali 47 pa 100 alionse. Izi zikusonyeza kuti njirayi imateteza mofanana ndi mankhwala, komanso kuti si onse amene imawachiritsa.

Mmene zimachitikira

Wophunzira amakhala pansi pamalo opanda phokoso lambiri, kaya pakhonde, pansi pa mtengo kapena pamchenga m'mawa asodzi asanakocheze. Wotsogolera amamuuza kuti amve mapazi ake atagunda pansi, atulutse mpweya wonse mwapang'onopang'ono, ndipo aulole kulowanso wokha. Kenaka amamupempha kuti atchule mumtima zinthu zimene akumva, monga mafunde, mbalame kapena injini ya boti patali. Maganizo akamuthawitsa, zimene zimachitika kwa aliyense, sadzikalipira. Amangozindikira kuti wachoka, n'kubwerera ku mpweya wake. Kubwererako ndiye phunziro lenilenilo. Mphindi zisanu kapena khumi tsiku lililonse zimapindula kuposa ola lathunthu kamodzi pamwezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudzichitira chifundo

Gawo lachiwiri ndi lovutirapo pa chikhalidwe chathu. Mwana wa Chimalawi amaphunzitsidwa kuchitira chifundo mlendo, wamasiye ndi wodwala, koma kudzichitira yekha chifundo kumaoneka ngati ulesi kapena kudzikonda. Mwamuna amauzidwa kuti salira, mayi amauzidwa kuti apirire. Zotsatira zake n'zakuti munthu wodwala amadzilankhulira mawu amene sangayerekeze kuuza mnzake: "ndine chitsiru", "ndine wolephera", "ndikungolemetsa abale".

Kristin Neff wa pa yunivesite ya Texas ku Austin, amene anayamba kufalitsa kafukufuku wake pa nkhaniyi mu 2003, anagawa kudzichitira chifundo patatu. Choyamba ndi kuvomereza kuti ululu ulipo, osaubisa komanso osaukulitsa. Chachiwiri ndi kukumbukira kuti kuvutika n'kwa anthu onse, kotero wodwala si wotembereredwa ndipo sali yekha. Chachitatu ndi kudzilankhula mokoma mtima. Njira yapafupi ndi yakuti munthu adzifunse zimene akanauza mchemwali wake kapena bwenzi lake likanakhala m'vuto lomwelo, kenaka adziuze mawu omwewo. Mayi amene mwamuna wake anasiya kutumiza ndalama sangauze mnzake kuti ndi wopusa. Angamuuze kuti wayesetsa kulera ana payekha, ndipo mawu amenewa akuyenera iyenso.

Uku si kuthawa udindo. Munthu amene wasiya kudzitukwana amapeza mphamvu zodzuka, kusamba, kupita kudimba kapena kukakambirana ndi amene anamukongoza ndalama. Manyazi ndiwo amatsekera munthu m'nyumba.

Kodi zingatheke kumudzi?

Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, pamene cha St John of God chili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma njira zimenezi sizilira dokotala nthawi zonse. WHO inakonza maphunziro otchedwa Self-Help Plus, amene ndi mawu ojambulidwa omvetsera pagulu m'magawo asanu motsogozedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa kwa masiku ochepa. Atawayesa pakati pa amayi othawa nkhondo a ku South Sudan okhala kumpoto kwa Uganda, kuvutika maganizo kwawo kunachepa. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera ovutika maganizo ndi kuwathandiza kupeza njira zothetsera mavuto awo.

Nkope ili kale ndi maziko otere: chipatala cha mpingo wa Anglican, matchalitchi, mizikiti, mabanki a m'mudzi, makomiti a asodzi ndi alangizi a zaumoyo. Popeza phunziroli limadutsa m'khutu, lingafikire amene sadziwa kuwerenga komanso osaona. Chofunika n'chakuti mawuwo akhale m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ndipo kukhala chete n'kutsatira mpweya sikulimbana ndi chipembedzo chilichonse. Mkhristu ndi Msilamu angathe kuchita zimenezi asanayambe kapena atamaliza mapemphero ake.

Malire ake

Kusinkhasinkha sikulowa m'malo mwa chipatala. Munthu amene wasiya kudya, amene sakutha kudzuka, amene akumva mawu osaoneka mwini wake kapena akulankhula zodzipha, afunika kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha. Amene akumwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine asawasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala. Kwa ena amene anachitiridwa nkhanza kapena anapulumuka ngozi ya panyanja, kutseka maso kumadzutsa zithunzi zoopsa. Oterewa ndi bwino achite maso ali otsegula, kwa nthawi yochepa, ndipo asiye ngati mantha akukula.

Njirazi sizibweza chambo m'nyanja kapena kulipira ngongole. Zimathandiza munthu kuti mutu ukhale m'malo pamene akulimbana ndi mavutowo. Kwa achibale, ntchito yoyamba ndi kusiya kuuza wodwala kuti angolimba mtima, n'kukhala naye pansi, kumumvetsera, ndi kumuperekeza kuchipatala ngati masabata awiri adutsa asakusintha.