Nthambo za Malaiti mu Siling'i: Kuzima Swichi Sikukwanira

Nyumba zambiri za kanselo ndi za boma mu Chipata zinagulitsidwa kwa anthu okhalamo kuyambira m'caka ca 1996, pa ulamuliro wa a Frederick Chiluba. Kucokera apo eni ake akhala akuzikonza pang'ono-pang'ono: wina kuonjezera cipinda, wina kusintha malata, wina kucotsa siling'i yakale imene inadyewa ndi ciswe kapena kuola ndi mvula yodontha. Nchito ya siling'i imapatsidwa kwa kalipentala, ndipo kawiri-kawiri wokwera pamwamba ndi mnyamata womuthandiza. Pamwambapo ndi pamene pamadutsa nthambo za malaiti zimene munthu sanazionepo kwa zaka makumi angapo.

Ambiri amaganiza kuti akazima swichi ya pa cipupa, babu n'kuzima, ndiye kuti nthambo zonse za m'cipindamo zilibe moto. Si zoona. M'nyumba zambiri nthambo ya moto imacokera pa bokosi la maswichi akulu, kukwera mu siling'i ndi kumayenda kucokera pa babu ina kupita pa ina. Pa babu iliyonse ndi pamene nthambo imatsikira ku swichi ndi kubwereranso. Swichi imangodula moto wopita ku babuyo, koma nthambo yodutsa pamwamba imakhalabe ndi mavoti 230 usana ndi usiku.

Mtundu wa nthambo nawo umanamiza. M'nyumba zakale yofiira ndiyo ya moto, yakuda ndi yobweza. Pa nthambo zina zatsopano ya moto ndi ya bulauni, yobweza ndi ya buluu. Koma nthambo yakuda yocokera ku swichi imanyamula moto swichi ikayatsidwa, ndipo amisiri ena sanali kuikapo cizindikiro. Kuonjezera apo, makoswe amadya pulasitiki wokuta nthambo, ndipo tepi yakuda imene anakulunga polumikiza imauma ndi kutentha kwa malata mpaka kumasuka yokha.

Mu Okutobala pansi pa malata pamatentha koopsa. Munthu amakhala ali thukuta thupi lonse, ndipo khungu lonyowa limalola moto kulowa mosabvuta. Moto ukagwira dzanja, minofu imakokana, zala n'kufumbata nthambo, munthu n'kulephera kuitaya. Ukadutsa pa cifuwa umasokoneza kugunda kwa mtima. Ena moto umangowadzidzimutsa, koma amaponda pa bodi, kuliboola ndi kugwa pansi, kuthyoka msana kapena kubvulala m'mutu.

Conco nchito isanayambe, swichi yaikulu ya nyumba yonse izimidwe, pamatidwe pepala locenjeza, ndipo a m'nyumba auzidwe kuti asaiyatse ngakhale nsima icedwe. Ngati pali inveta ya sola kapena jenereta, nazo zizimidwe, cifukwa zimatumiza moto m'nthambo zomwezo. Pambuyo pake nthambo iliyonse iyesedwe ndi tesita, ndipo tesitayo iyambe yayesedwa pamene pali moto kuti zidziwike kuti ikugwira nchito.

Pali cizolowezi cina coipa cimene cinakula m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku. Anthu amati, “Malaiti apita, tiyeni tigwire msanga.” Malaiti pobwera sagogoda. Cimodzi-modzi mita ikatha mayunitsi: mwana ali ku Lusaka angathe kugula, wina m'nyumba n'kulowetsa manambala mnzake ali pamwamba.

Nanga akapeza nthambo zopotanizidwa ndi manja ndi kukulungidwa tepi kapena pepala la pulasitiki? Asazikankhire pambali ndi kukhomerapo bodi latsopano. Polumikiza polobodoka pamatentha, ndipo pafupi pali matabwa ouma, fumbi ndi zisa za makoswe. Moto woyambira mu siling'i umadziwika mocedwa, nthawi zina banja liri m'tulo. Polumikiza pali ponse pamangidwe ndi zomangira zake m'kabokosi kotseka, kokhomedwa pa thabwa pamene munthu angafikepo, ndipo pasiyidwe kacitseko kolowera mu siling'i. Pokhoma mabodi, misomali ipewe njira ya nthambo.

Nchito yolumikiza si ya kalipentala. ZESCO imafikitsa moto pa mita. Za m'kati mwa nyumba ndi udindo wa mwini wake. Iye aitane mmisiri wa malaiti wokhala ndi setifiketi, monga ophunzira ku Chipata Trades Training Institute, amene angaonenso nthambo ya pansi ndi kuika swichi yodzizima yokha moto ukayamba kudutsa m'thupi la munthu. Mtengo wake sungafanane ndi wa nyumba yopsa.

Ngozi ikacitika, wothandiza asagwire mnzake ndi manja. Athamangire ku swichi yaikulu, kapena amulekanitse ndi nthambo pogwiritsa nchito mtengo wouma, ataima pouma. Ngati wobvulala sakupuma, agonekedwe cagada ndi kusindikizidwa pakati pa cifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufuna galimoto. Amene wagwa kucokera pamwamba asanyamulidwe mwacisawawa. Mutu ndi khosi zisagwedezeke. Pa cilonda ca moto pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Ngakhale munthu adzuke ndi kunena kuti ali bwino, apite naye ku kiliniki ya pafupi kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo. Cilonda ca pa cala cingaoneke cacing'ono pamene minofu ya m'kati yapsa, ndipo mtima uyenera kupimidwa.