Kupita ku Sukulu Yakutali pa Basi

Ana ambiri a m'boma la Lundazi amapita ku sukulu wapansi. Ena amapalasa njinga. Koma pali ana ena amene sukulu yao ili kutali kwambiri ndi kwao. Ana otere amakwera basi.

N'cifukwa ciani mwana angaphunzire kutali? Zifukwa zilipo zingapo. Mwina makolo ake asamukira ku mudzi wina caka cili pakati. Mwina amakhala ku mudzi koma sukulu yake ili pa boma. Ana ena amafunika sukulu yapadera. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kuli sukulu ya ana osaona ndi ya ana osamva. Kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 180. Mwana sangayende mtunda wotere ndi miyendo! Amakwera basi ya anthu onse masukulu akamatsegulira, nkukagona komweko mpaka cigawo citatha.

Basi ya sukulu ndi yosiyana ndi basi ya anthu onse. Imanyamula ana a sukulu okha-okha. Si sukulu zonse zili nayo. Kumene ilipo, makolo amayamba apangana ndi aphunzitsi aakulu. Dzina la mwana limalembedwa m'buku. Kawiri-kawiri makolo amasonkha ndalama zogulira mafuta. Basi imaima pa malo amodzi-modzi, pa nthawi imodzi-modzi, tsiku ndi tsiku. Siingadikire mwana mmodzi, cifukwa ana onse angacedwe.

Basi imathandiza. Mumafika ku sukulu osatopa. Nthawi ya dzinja mabuku anu sanyowa ndi mvula. Koma basi ndi yaikulu ndiponso ndi yolemera. Siitha kuima pomwepo monga mmene munthu amaimira. A dalaiva akaponda buleki, basi imayendabe pang'ono isanaime. Ndiye cifukwa cake pali malamulo oyenera kuwatsata.

Poyembekeza basi, fikani msanga. Imani kumbali, kutali ndi mseu. Musasewere mpira kapena kuthamangitsana pamenepo. Basi ikafika, dikirani iime ndithu. Kenaka imani pa mzere. Ana aang'ono ayambe ndiwo kukwera. Musakankhane. Perekani moni kwa a dalaiva: “Mwauka bwanji, a dalaiva?” Ku Lundazi anthu ambiri amalankhulanso Citumbuka, conco mungamve anzanu akuti, “Mwawuka uli?” Monse ndi moni waulemu.

M'basi khalani pa mpando. Ngati pali lamba, mangani. Ikani cola canu pa miyendo. Musatulutse mutu kapena dzanja pa zenera. Nthambi ya mtengo kapena galimoto ina ingakupwetekeni. Musataye makoko a nthoci ndi mapepala kunja. Ndiponso musasokose. A dalaiva ayenera kuyang'ana kutsogolo ndi kumva bwino. M'mseu mumapezeka mbuzi, ngolo za ng'ombe, njinga zonyamula makala ndi malole odzaza cimanga. Phokoso likaculuka, a dalaiva amaceuka. Akaceuka, ngozi ingacitike.

Nthawi yoopsa koposa ndi yotsika. Mvetsetsani bwino apa. A dalaiva amakhala pamwamba. Mwana wamfupi akaima pafupi ndi mphuno ya basi, iwo samuona. Akaima kumbuyo, samuonanso. Basi imabisanso magalimoto ena amene akubwera. Conco mukatsika, musawoloke pomwepo. Pitani kumbali ndipo dikirani basi icoke. Tsopano mseu wonse uonekera.

M'Zambia magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu. Ndiye galimoto imene ili pafupi nanu imacokera kumanja kwanu. Yang'anani kumanja, yang'anani kumanzere, yang'ananinso kumanja. Ngati kulibe kanthu, wolokani mwacangu koma osathamanga. Bungwe la RTSA, limene limaona za citetezo ca pa mseu, limaphunzitsa zimenezi.

Nanga pensulo kapena buku likagwera pansi pa basi? Musalowe pansi kukatola! Uzani a dalaiva kuti, “Pepani a dalaiva, buku langa lagwa.” Iwo adzakuthandizani. Buku lina lingagulidwe ku sitolo. Mwendo wanu kulibe kumene amaugulitsa.

Tsiku lina mungadzacedwe nkupeza basi yapita. Musaithamangire. Musakwerenso galimoto kapena njinga yamoto ya munthu wosamudziwa, ngakhale atanena kuti, “Bwera mwanawe, ndikuperekeze.” Yankhani mwaulemu, “Iyai, zikomo.” Bwererani ku nyumba mukauze amai, atate kapena agogo. Ndi bwino kudziwa pamtima dzina la mudzi wanu, dzina la sukulu yanu ndi nambala ya foni ya makolo anu.

Madzulo basi ikamabwerera, yang'anani anzanu. Ngati mng'ono wanu kapena mnzanu wa pa mpando sanakwere, uzani aphunzitsi basi isanacoke. Ngati wina wagona tulo, mudzutseni mukafika. Munapita pamodzi, bwereraninso pamodzi.

Mau atsopano

Mtunda: kutalika kwa ulendo.
Buleki: cimene a dalaiva amaponda kuti galimoto iime.
Kuwoloka: kucoka mbali ina ya mseu kupita mbali ina.

Mafunso

1. Pali makilomita angati kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata?
2. N'cifukwa ciani basi siidikira mwana wocedwa?
3. Kodi muyenera kucita ciani mukangotsika basi?
4. Mungacite ciani buku lanu likagwera pansi pa basi?
5. Inu mumabwera bwanji ku sukulu? Uzani mnzanu malamulo awiri amene mumatsata pa njira.